Kuseri kwa Tebulo la Makeke: Moyo wa Mayi Dorika Chikoti

Abusa, akuluampingo, mafumu athu, amayi a Chigwirizano, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza: malemu agona apawa, Mayi Dorika Chikoti, anabadwa pa 9 Meyi 1972 m'mudzi mwa Kanyerere, kufupi ndi Nsaru. Anali oyamba m'banja la ana asanu la Bambo Jailosi, amene anali mphunzitsi wa pulayimale, ndi Mayi Salome. Ine amene abanja andituma kuwerenga mbiriyi ndine Ishmael, mlongo wawo wotsiriza. Malemu anabatizidwa ali khanda mu mpingo wa CCAP, ndipo mu mpingo womwewo akhalamo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Sukulu anayamba mu 1979. Popeza bambo ankasamutsidwa kawirikawiri, malemu anaphunzira ku Nsaru, kenako ku Nambuma, nadzatsirizira Sitandade 8 ku Kabudula. Mu 1987 anasankhidwa kupita ku sekondale. Koma mu 1989, ali Fomu 2, bambo athu anatisiya. Nyumba imene tinkakhala inali ya sukulu, choncho banja linabwerera kumudzi, ndipo maphunziro a malemu anathera pomwepo.

M'chaka cha 1990 anapeza ntchito ya m'nyumba ku Chitedze, kwa bwana wina wa za ulimi. Akazi a bwanayo, Mayi Sarah, ndiwo ankaphika makeke pakakhala phwando la ogwira ntchito kumeneko. M'khitchini mwa mayi amenewa ndi mmene malemu anaonera koyamba timakeke tating'ono tophikira m'timapepala, timene ana a masiku ano amati makapukeke. Anaphunzira kusakaniza, kuphika ndi kupaka aisingi, zotsekemera zokongoletsera pamwamba pa keke. Koma chimene chinadabwitsa Mayi Sarah sikuphika ayi, kunali kuyala kwawo. Dorika akayala tebulo, alendo ankayamba aima kaye, n'kumalizungulira, aliyense kuchita manyazi kukhala woyamba kutolapo.

Mu 1993 bwana uja anasamutsidwira kum'mwera. Mayi Sarah anapempha kuti apite ndi Dorika, akawalowetse sukulu ya zophika za m'mahotela ku Blantyre. Malemu anavomera ndi mtima wonse, katundu n'kumanga, nabwera kumudzi kudzatsanzika. Anapeza mayi athu ali gone ndi chifuwa chachikulu, ana ang'onoang'ono akudziphikira okha. Amalume anakhala pansi nagamula kuti mwana wamkulu sangapite kutali chotero mayi ake ali pamphasa. Malemu sanatsutse. Anabwerera ku Chitedze kukathandiza kukweza katundu wa mabwana awo m'lole, loleyo n'kunyamuka iwo ataima pamsewu. Mayi Sarah anawasiyira zitini zophikira ndi timipope topakira aisingi, zimene anabwera nazo kumudzi atazikulunga m'chitenje.

Pa 20 Ogasiti 1994 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Gerald Chikoti, kalipentala wa kuno ku Kabudula. Mayi athu atamwalira mu 1996, a kwa Chikoti anapempha chitengwa, ndipo malemu anabwera kudzakhala m'mudzi uno. Mulungu anawapatsa ana awiri: Prince mu 1995, ndi Tiyanjane mu 2003. Zaka zoyambirira za banja lawo zinali zokoma. Bambo akukhoma mipando pansi pa mtengo wa mango, mayi akuphika timakeke tokagulitsa pa sukulu. Uvuni analibe. Ankathira mchenga m'poto wamkulu, kuikamo zitini, kuvindikira ndi lata, makala pansi, makala pamwamba, ndipo ankadziwa ndi fungo lokha kuti zapsa.

Ukwati woyamba umene anayalira tebulo unali wa alamu awo, Mayi Benedeta, mlongo wa Bambo Chikoti, mu 1998. Bambo Chikoti anawakhomera choikapo cha matabwa cha masitepe atatu ozungulira. Malemu anachikuta ndi nsalu yoyera. Pamwamba anaika keke ya akwati, pakati anasanja makapukeke mozungulira, ndipo pansi anaika chigumu chodula timagawo, zitumbuwa ndi mtedza wa shuga, kuti agogo osazolowera aisingi asabwerere chimanjamanja. M'mbali anayala masamba a mango ndi maluwa othyola kumpanda wa tchalitchi. Ambiri mwakhala pano munalipo tsiku limenelo, ndipo mukukumbukira kuti anthu anaiwala kuyang'ana akwati. Kuchokera pamenepo dzina lawo linamveka, ndipo paukwati, pachinkhoswe kapena paphwando la ana otsiriza sukulu, komiti inkayamba yafunsa ngati Mayi Chikoti auzidwa.

Ife odya tinkaona kukongola kokha. Ntchitoyo inali ina. Maukwati athu kuno amachuluka fodya akagulitsidwa, nthawi ya fumbi ndi dzuwa. Makeke ankayenda panjinga m'makatoni, ndipo pamalo oipa malemu ankatsika n'kusenza pamutu kuti aisingi asagwedezeke. Akafika ku holo ankayamba asankha ngodya yosawomba dzuwa, kutali ndi khomo lolowera fumbi. Miyendo ya tebulo ankaiika m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Pamwamba ankaphimba ndi neti chifukwa cha ntchentche. Akatha zonsezi sankachokapo, chifukwa tebulo la makeke likasiyidwa lokha, pobwera umapeza ana alowetsa manja, mphepo yagwetsa maluwa, kapena kutentha kwa malata kwasungunula zonse. Choncho pamene ena tonse tinali m'tchalitchi kumvera malumbiro, iwo anali okha m'holo. Nthungululu ankazimvera patali. Nthawi ya perekaniperekani anzawo akuvina, iwo ali chilili kuseri kwa tebulo ndi kansalu kothamangitsira ntchentche. Pogawa ankayamba ndi ankhoswe ndi makolo, kenako alendo ochokera kutali, ndipo nthawi zonse ankabisa katoni imodzi pansi pa tebulo kuti ana adzalandire pomaliza.

M'chaka cha 2004, mwezi wa Sepitembala, Bambo Chikoti anagwa padenga la sitolo imene ankakhoma, nathyoka msana. Atatuluka m'chipatala, miyendo yawo sinagwirenso ntchito. Prince anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Tiyanjane ali kumsana. Mudzi uno ndi mpingo uno munawagwira dzanja. Munawalimira munda chaka chimenecho, munawatungira madzi, amuna munasinthana kunyamula odwala popita ku chipatala. Malemu sanaiwale zimenezi mpaka imfa yawo. Koma kuyambira nthawi imeneyo pakamwa pawo panasowa mawu oti ayi. Aliyense wobwera kudzapempha tebulo la ukwati wa mwana wake anali munthu amene anawapalirapo chimanga kapena kuwagonerapo ku chipatala. Akanayamba kukana ndani? Komanso tsopano pakhomo ponse pankadalira makeke omwewo.

Tsiku lawo linkayamba ndi kutembenuza amuna awo, kuwasambitsa, kuwanyamulira pakhonde, kenako kukoleza makala. Bambo Chikoti nawo sanakhale manja lende. Ali chikhalire pamkeka ankapala matabwa pamiyendo pawo, n'kumakhoma zoikapo makeke za mitundumitundu, zina ngati makwerero, zina ngati mtima. Loweruka malemu ankasiya odwala m'manja mwa Mayi Benedeta, koma sankatha kugona kunja. Ukwati uliwonse unayenera kukhala pamalo oti apite n'kubwerera tsiku lomwelo. Dziko lawo linathera ku Nambuma, ku Namitete ndi ku Mpingu. Maliro a amalume athu ku Kasungu sanapite. Ulendo wa amayi a Chigwirizano wa ku Nkhoma ankauthandiza kukonza chaka ndi chaka, kuwaphikira kamba wa panjira, n'kuwaperekeza pa siteji.

Mu 2012, paukwati wina ku Mpingu, mayi wina woyang'anira hotela mumzinda wa Lilongwe anaona tebulo lawo. Anafunsa amene wayala, ndipo asanachoke anawauza kuti ntchito ilipo ngati akufuna. Malemu anafika kunyumba n'kuifotokoza ngati nkhani yoseketsa. Bambo Chikoti sanaseke. Anaitanitsa abale, nawauza kuti mkazi wawo anatayapo kale mwayi wotere kamodzi, ndipo safuna kuti autayenso chifukwa cha iwo. Abale anagwirizana zosinthana kusamala odwala. Mwezi wa Febuluwale malemu anayamba ntchito, akugona kwa msuweni wathu ku Chinsapo, n'kumabwera kumudzi Lamlungu.

Amene munawaona masiku amenewo mukudziwa mmene nkhope yawo inasinthira. Ankasimba za uvuni wa magetsi, za chipinda chozizira mmene aisingi sasungunuka, za yunifolomu yoyera yokhala ndi dzina lawo pachifuwa. Koma chimene ankachibwereza kwambiri n'chakuti kumeneko munthu ukayala tebulo umachokapo, ena n'kubwera kudzagawa, iwe n'kukakhala pansi kumwa tiyi.

Sizinathe miyezi itatu. Inali nthawi yothyola ndi kusoka fodya, aliyense ali kumunda ndi kuchigafa kuyambira m'mawa. Bambo Chikoti ankachita manyazi kutembenuzidwa ndi mlongo wawo, ndipo akafunsidwa ankati ali bwino. Lamlungu lina malemu powasambitsa anapeza zilonda ziwiri zakuya m'chiuno, zimene bambowo sankazimva kuwawa. Anakhala pansi pomwepo, beseni lili m'manja. Bambo Chikoti anawadandaulira.

"Bwererani ku ntchito, amake Prince. Zilonda zimapola."

"Zipola ndikakhala pano," anayankha motero.

M'mawa mwake anakwera minibasi kukabweza yunifolomu, ndipo za hotela sanazitchulenso. Loweruka lotsatira anali kuseri kwa tebulo pachinkhoswe ku Nsaru.

Mu 2016 anapezeka ndi matenda a shuga. Kuchipatala anawaletsa zotsekemera, anawauzanso kuti asamaime nthawi yaitali ndipo azisamala mapazi. Choyambacho anachitsata. Kuyambira chaka chimenecho sanalawenso keke ngakhale imodzi mwa zimene ankaphika. Amuna awo ndiwo ankawalawira. Chachiwiricho chinawakanika, chifukwa ntchito yawo yonse inali yoimirira.

Mu Okutobala 2018 mwana wawo Prince, amene amawotcherera zitsulo pa Msundwe, anakwatira Kettie. Pamsonkhano woyamba wa komiti malemu anaimirira n'kupempha chinthu chimodzi: kuti paukwati uwu wokha asagwire keke, akhale pampando wa make mkwati, amve mwana wawo akulumbira. Onse anavomera, ndipo akuchikazi anapeza munthu wa m'tauni woti abweretse makeke n'kuyala. Malemu anasoketsa chovala chobiriwira ndi duku lake, anagula nsapato zatsopano, anabwereka njinga ya olumala kuti amuna awo akakhale pambali pawo.

Tsikulo litafika, galimoto ya makeke inafera panjira n'kukhala padzuwa nthawi yaitali. Pofika ku holo, keke yaikulu inali itapendama, makapukeke atamatirirana, ndipo wobweretsayo anangogwira m'mutu. Amayi awiri a komiti anathamangira ku tchalitchi. Anapeza malemu atakhala kutsogolo, kwaya itayamba nyimbo yolowetsa mkwatibwi. Anawanong'oneza. Malemu anayang'ana amuna awo, anayang'ana mwana wawo ataima kuguwa, kenako anaika chikwama pampando n'kutulukira khomo la m'mbali. Ku holo anavula nsapato zatsopano zija, anamanga chitenje pamwamba pa chovala chobiriwira, anapala aisingi yense wowonongeka n'kupaka wina. Alendo polowa anapeza tebulo labwino ngati palibe chinachitika. Pazithunzi za m'tchalitchi, pambali pa Bambo Chikoti pali mpando wokhala ndi chikwama. Prince atamva madzulo analira, koma mayi ake anamuuza kuti amene akanachita manyazi pamaso pa apongozi ndi Prince yemweyo, ndipo zimenezo sakanazipirira.

Chaka cha 2020, matenda a Covid ataletsa misonkhano, maukwati anaima. Pakhomo panavuta, koma kwa nthawi yoyamba malemu anakhala ndi Loweruka lawolawo. Anadzala tomato ndi mpiru kuseri kwa nyumba. Mapazi awo, amene ankatupa, anaphwa. Madzulo ankakhala pakhonde ndi amuna awo kusewera bawo. Anaululira Mayi Benedeta kuti ankachita manyazi kupemphera, chifukwa dziko lonse linali kulira pamene iwo mtima unali utapepuka. Matendawo atachepa, maukwati onse amene anadikira anabwera pamodzi, ndipo panali miyezi ina imene ankayala Loweruka ndi Lamlungu lomwe.

Nthawi imeneyi Tiyanjane anali atakula, ndipo patchuthi ankathandiza mayi ake. Dzanja lake linali ngati lawo. Anthu anayamba kuyamikira kuti mwana watengera make, mudzi sudzasowa woyala tebulo. Ena tikamva mawu otere timakondwa, koma nkhope ya malemu inkagwa. Anayamba kumuthamangitsa m'khitchini kuti akawerenge. Mu 2023 Tiyanjane anasankhidwa ku koleji ya zaunamwino, ndipo tsiku limene ananyamuka, mayi ake anamunyamulira okha chikwama mpaka pa siteji.

Matenda awo omaliza anayamba mu Ogasiti chaka chino ndi kachilonda kakang'ono kuphazi lamanzere. Sanauze munthu. Anali atalonjeza mabanja angapo, ena a mu mpingo uno, ena achibale, ndipo ankadziwa kuti akapita ku chipatala awagoneka. Ankamanga kansalu n'kuvala nsapato za amuna awo. Bambo Chikoti ataona kuti akutsimphina anawafunsa, iwo n'kunena kuti ndi minga. Kumapeto kwa Okutobala, paukwati wina ku Nambuma, anayala, anagawa mpaka mwana womaliza, koma pofuna kunyamula makatoni mwendo unakana. Amayi amene anawavula nsapato ndiwo anaona mmene phazi linalili.

Anawatengera ku chipatala cha Kabudula, kumene anawatumiza ku chipatala chachikulu mumzinda. Madokotala anayesetsa, mpaka anadula mwendo pansi pa bondo, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Tiyanjane anapempha chilolezo ku koleji n'kubwera kudzawadwazika. Tsiku lina, pofuna kuwakhazika mtima pansi, anawauza kuti asade nkhawa ndi kunyumba: iye asiya kaye sukulu, asamale bambo, ndipo maukwati amene atsala awayalira. Malemu atamva zimenezi anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo anakana phala. M'mawa mwake anaitanitsa Prince, Mayi Benedeta ndi ine. Mawu anali atachepa, koma tonse tinawamva.

"Ine ndinakhala, ndipo sindikudandaula munthu. Bambo a ana anga ndinawakonda. Koma mwana uyu Tiyanjane musamuimike pamene ndinaima ine. Akangoyala ukwati umodzi, sadzachokanso. Mundilonjeze ndili moyo."

Tinalonjeza. Anamwalira Lachiwiri pa 18 Novembala 2025, ali ndi zaka 53, dzanja lawo lili m'manja mwa Tiyanjane.

Abale ndi alongo, kulonjeza kuchipatala n'kosavuta. Titafika kuno ndi thupi, funso linali pomwepo: Bambo Chikoti atsala ndi yani? Komanso, pamaliro pomwe pano, mabanja awiri afika kale kudzafunsa mwaulemu ngati Tiyanjane angawayalire maukwati a mu Disembala. Sitikuwadzudzula, anali atalonjezedwa. Dzulo abanja a mbali zonse ziwiri tinakhala pansi. Nkhani inatalika, ndipo ena anaona kuti mtsikanayu atapuma chaka chimodzi chokha sipangaipe kanthu. Tiyanjane mwiniwake anali wokonzeka kuvomera. Pamenepo Bambo Chikoti anapempha kuti awadzutse, nalankhula.

"Nyumba ino ndinamanga ndekha, ndipo ndinkati ndidzafera momwemo. Koma yasunga kale munthu mmodzi zaka makumi awiri chifukwa cha ine. Wachiwiri ayi. Prince, unditenge."

Choncho abanja andituma kuti ndikudziwitseni izi. Mwambo wa maliro ukatha, Bambo Chikoti asamukira ku Msundwe kwa Prince ndi Kettie, amene avomera ndi manja awiri. Tiyanjane abwerera ku koleji sabata yamawa. Zitini za malemu, maneti ndi zoikapo makeke zonse zimene bambo anakhoma zaperekedwa kwa amayi a Chigwirizano, kuti aliyense wofuna azibwereka, ndipo amayiwo agwirizana kuti maukwati awiri a mu Disembala awayala mosinthana. Tikupempha ndi ulemu wonse kuti pasapezeke wopita kwa mtsikanayu kumbali kukamupempha.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Gerald Chikoti; ana awiri, Prince ndi Tiyanjane; mpongozi wawo Kettie; zidzukulu ziwiri, Jonas ndi Zione; ang'ono awo awiri ndi alongo awo awiri.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Kabudula ndi a ku chipatala chachikulu chifukwa cha khama lawo. Tikuthokoza Mayi Benedeta, amene sanachoke pambali pa mlongo wawo masabata onse amene malemu anali m'chipatala. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Chigwirizano amene mwagona pano mukuimba, mafumu potipatsa malo, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza, anzake a Tiyanjane amene abwera kuchokera ku koleji, ndi nonse amene mwabweretsa ufa, nkhuni ndi chipepeso. Ambuye akubwezereni pamene mwachotsa.

Pomaliza, Bambo Chikoti apempha kuti asatsale pakhomo pamene tikunyamuka. Njira ya kumanda njinga ya olumala singadutse, choncho tikupempha amuna amphamvu kuti awanyamule pampando, ayende kumbuyo kwa bokosi, akawaperekeze akazi awo mpaka pomaliza.

Achemwali athu, amake Prince, Mayi Dorika Chikoti, Mulungu amene munamutumikira akulandireni. Mzimu wanu uuse mumtendere.